tDPT (digiri ya udokotala wa mafizo) ya pa intaneti, ndilowe kapena ndikungofuna kutaya ndalama?

MayiFizo_11

Moni nonse a mafizo amene tikuvutika limodzi kuno ku America. Ndakhala ndikungowerenga za anzathu muno osalembako kanthu koma lero ndati nane ndifunse, mwina alipo amene anadutsa njira imeneyi.

Ine laisensi ya PT (physical therapist, wa mafizo) ndakhala nayo zaka 11 tsopano. Sukulu ndinapanga kunja kwa America, digiri yanga ndi bachelor's, mapepala anadutsa ku FCCPT (bungwe lounika mapepala a ophunzira kunja) bwinobwino, mayeso a laisensi a NPTE ndinakhoza ulendo wachiwiri (musandiseke, woyamba ndinalemba mwana ali ndi miyezi inayi). Mkati mwa sabata ndimakhala ku outpatient, Loweruka ndimathamanga ndi home health (kuona odwala m'nyumba zawo) kuti zinthu zikwane pakhomo. Nde vuto ndi ili, ana onse amene akubwera pano ndi ma DPT (Doctor of Physical Therapy) okhaokha, ndipo mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa ndekha pa clinical rotation yake, ndinkachita kumugwira dzanja kumuonetsa mmene timamvera bondo ngati ACL (mtsempha wa m'kati mwa bondo) yapita, chaka chino wapatsidwa udindo woyang'anira kiliniki yathu. Sindikumuda ayi, ndi wolimbikira ndipo amandilemekeza, koma mtima unandipweteka. Abwana sananene poyera kuti ndi nkhani ya pepala, anangoti tinaona zambiri, koma pa chidziwitso cha ntchitoyo panalembedwa kuti DPT preferred ndipo ine kuwerenga ndimatha.

Nde ndakhala ndikuyang'ana ma transitional DPT (tDPT, ya ife amene tili kale ndi laisensi) a pa intanetiwa, usiku ana akagona ndimatsegula laputopu nkumaona masamba a masukulu mpaka mutu kuzungulira. Funso langa ndi loti amene munapanga, malipiro anakweradi kapena ndi nkhani ya dzina chabe? Komanso mnzanga wina wandiuza zoti tDPT si ya CAPTE (bungwe lovomereza masukulu a mafizo), nde ngati si ya CAPTE ndiye kuti ndi digiri yabodza? Ndipo nthawi munkaipeza kuti, poti ine ndili ndi ana awiri, bambo akunyumba amagwira shifiti ya usiku, notes za odwala zokha ndimamaliza 9 koloko. Ndiuzeni zoona zokhazokha, musandinyengerere.

Mkulu_wa_HomeHealth

Achemwali, poti mwati tisakunyengerereni nde ndiyamba ndi zowawa. Ndalama sizikwera. Olo zitakwera ndi kakang'ono koti simungakaone pa cheke. Chifukwa chake nchosavuta, inshuwalansi silipira digiri, imalipira code. Inu mukalemba 97110 kapena 97140 (ma code a chithandizo chimene mwapereka), mwana wa DPT uja akalembanso 97110 yemweyo, Medicare (inshuwalansi ya boma ya achikulire) imatumiza ndalama yofanana, safunsa kuti amene anagwira phewa la agogowo anaphunzira mpaka pati. Nde abwana akukwezerani malipiro ndi ndalama yochokera kuti? Laisensi ndi imodzimodzinso, palibe laisensi ya madokotala a mafizo ndi ina ya ife otsala, tonse ndife PT basi.

Ine ndili ndi master's, ndinaiona nkhani imeneyi ikuyamba. Mu 2000 a APTA (bungwe la a mafizo ku America) anatulutsa masomphenya awo aja a Vision 2020, oti pofika 2020 mafizo azipangidwa ndi madokotala a PT ndipo odwala azibwera okha osadutsa kaye kwa dokotala wina. Masukulu anali atayamba kale, Creighton inatulutsa ma DPT oyamba mu 1996, kenako CAPTE inasiya kuvomereza mapulogalamu a bachelor's mu 2002, ndipo kuyambira 2016 sukulu iliyonse yovomerezeka ikuyenera kupereka DPT. Koma palibe amene anatilanda laisensi ife akale, palibe lamulo loti tibwerere ku sukulu. tDPT inabwera ngati mlatho woti amene akufuna awolokere tsidya linalo, osafuna akhale komwe ali nkumagwira ntchito ngati kale.

Mukanandifunsa ine kuti ndalama ndi nthawi yanu muike pati, ndikanati board certification. Muli ku outpatient zaka zonsezi nde maola 2,000 a odwala a mafupa ndi minofu amene a ABPTS (board yopereka masatifiketi a ukatswiri) amafuna munawakwanitsa kalekale, lembani mayeso a OCS (ukatswiri wa mafupa ndi minofu), mtengo wake sungafanane ndi digiri yonse ndipo madokotala a mafupa amene amatitumizira odwala amaidziwa OCS. Za udindo mwaphonyawo pepani, koma ndaona ma director ambiri opanda DPT, penapake abwana amakhala anasankha kale munthu wawo, za pepalazo nkungophimba.

Nachisale_DPT

Asisi musamvere akuluwa okha, iwo anatopa kkkk. Pa ndalama akunena zoona, ine nditamaliza anandionjezera kachinthu koti sindingakuuzeni muno mungandiseke. Koma mukandifunsa ngati ndikudandaula kuti ndinapanga, ayi ndithu, ndipo ndikuuzani chifukwa.

Nanenso ndinabwera ndi bachelor's. Manja ndinali nawo, wodwala wa sitiroko ndimamuimika, msana ndimaudziwa, koma kusukulu kwathu za mankhwala tinangodutsamo mothamanga, za ma X-ray ndi MRI ndiye osanena, lipoti la radiologist ndinkangowerenga mzere womaliza nkutseka. Makosi amene anandisintha ndi atatu, pharmacology, imaging, ndi medical screening amene ena amati differential diagnosis. Enawo, za utsogoleri, za malamulo a ntchito, ndinkangolemba kuti ndikhoze basi.

Ndikupatseni chitsanzo. Tili mkati mwa kosi ya mankhwala ija kunabwera bambo wina wazaka za m'ma 60, anamutumiza ndi ululu wa kumbuyo kwa chidendene, pa pepala analemba kuti Achilles tendinitis, tionjezere mphamvu. Kale ndikanangomuyambitsa zonyamuka ndi zala pa sitepe, tsiku loyamba lomwelo, poti ndi zimene timapanga. Koma sabata imeneyo ndinali nditangowerenga za ma antibiotic otchedwa fluoroquinolone, nde ndinamufunsa kuti bambo mwamwako mankhwala ena atsopano masiku apitawa? Iye nkuti aaa palibe, kenako nkukumbuka kuti anamupatsa ciprofloxacin (ya m'gulu lomwelo) chifukwa cha vuto la mkodzo ndipo akumwabe, komanso ali pa steroid ya prednisone. Ndinamva thupi kuzizira. Mankhwala amenewo amafooketsa tendon mpaka kutha kuduka, makamaka kwa achikulire komanso amene akumwa ma steroid, ndipo Achilles ndi imene imakonda kupita. Sindinamupangitse chilichonse cholemetsa mwendo tsiku limenelo, ndinaimbira dokotala wake pompo, anamusinthira mankhwala. Pa fomu yathu mndandanda wa mankhwala unalipo koma unali wakale, cipro sinalembedwepo, chinandithandiza ndi choti ndinadziwa chofunsa.

Zina ndi zazing'ono koma za tsiku ndi tsiku. Agogo ali pa metoprolol (mankhwala a mtima, beta blocker), mukuwayendetsa pa treadmill nkumadikira kuti mtima uthamange kufika nambala ija munawerengera, pomwe beta blocker yaugwira mtimawo sungakwere, agogo atopa kale inu mukuti pitirizani. Pano ndimagwiritsa sikelo ya kutopa ya Borg, ija ya 6 mpaka 20, ndimawafunsa okha mmene akumvera. Katumba wotupa wofunda pambuyo pa opaleshoni ya bondo ndimadutsa mu Wells (mndandanda woyezera ngati magazi aundana mu mtsempha) ndisanagwire nkomwe. Phewa lakumanja lopweteka koma ndikaliyendetsa mbali zonse ululu osasintha, wodwala nkumati limavuta akadya zamafuta, ndimaganizira ndulu. Mwina inu munaziphunzira kale izi m'ma CEU (timaphunziro tapantchito), ena amazidziwa opanda tDPT sindikukana, koma ine ma CEU a pa wikendi aja ndinkangokhalamo kudikira satifiketi, pomwe apa ndinachita kulemba mayeso ndi kuzitsatira mwadongosolo kuyambira pansi.

Za nthawi nde musanamizidwe. Ine zinanditengera zaka ziwiri ndikutenga kosi imodzi imodzi, nthawi zina ziwiri. Makalasi ambiri anali ojambulidwa kale, ndinkamvera m'galimoto pakati pa nyumba ndi nyumba za odwala, koma chimene chimatopetsa si mavidiyo, ndi zolembalemba. Sabata iliyonse discussion post pofika Lachitatu, kenako uyankhe anzako awiri pofika Lamulungu pakati pa usiku, ndipo sungangoti ndagwirizana nanu, amafuna uike kafukufuku, APA (kalembedwe ka ma reference) yake ikhale yolondola mpaka kadontho. Ndinaluzapo mamalikisi chifukwa cha comma, mayi wamkulu ngati ine kulira chifukwa cha comma kkkk. Kumapeto kuli capstone, yathu inali case report ya wodwala mmodzi, kuchotsa dzina ndi chilichonse chomuzindikiritsa chifukwa cha HIPAA (lamulo la chinsinsi cha odwala), kufufuza pa PubMed, kubwezeredwa katatu ndi supavaiza. Ine ndinkadzuka 4 koloko m'mawa chifukwa usiku ubongo umakhala utafa. Ndi ana awiri komanso bambo a shifiti ya usiku, Loweruka la home health lija lidzavutika, muwerengeretu ndalama imeneyonso ngati mbali ya fizi.

Aphunzitsi_PT

Mayi, ndiyankheko mbali ya CAPTE poti ndimaphunzitsako pang'ono pa pulogalamu ina ndipo funso limeneli limabwera kawirikawiri.

Mnzanuyo wanena zoona koma theka. CAPTE imavomereza mapulogalamu olowera ntchito okha, a DPT a ana ongoyamba ndi a PTA (othandizira PT), chifukwa amenewo ndi amene amatsegula khomo la NPTE ndi laisensi. Mapulogalamu a anthu amene ali kale ndi laisensi CAPTE siwayang'ana, onse, olo a sukulu yotchuka bwanji. Ndiye kusakhala ya CAPTE si chizindikiro cha ubodza. Chimene muyang'ane ndi chakuti yunivesiteyo payokha ndi yovomerezeka ndi limodzi mwa mabungwe ovomereza mayunivesite ngati Higher Learning Commission, Middle States kapena SACSCOC, ndipo digiri ikutuluka m'dzina la yunivesite. Izi nzofunika chifukwa mapulogalamu ena amayendetsedwa mogwirizana ndi kampani, mwachitsanzo ya University of Montana yakhala ikuyenda limodzi ndi Rehab Essentials, zilibe vuto bola mudziwe amene asaine pepala lanu. A.T. Still University, Arcadia ndi College of St. Scholastica nawonso akhala akupereka ya pa intaneti. Koma muimbe foni kaye musanakonde sukulu, chifukwa mapulogalamu amenewa akuchepa, anthu ofunika mlathowo akutha chaka ndi chaka ndipo masukulu angapo anatseka awo. Nkhaniyi ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira, University of Southern California inayamba transitional DPT mu 1992.

Poti muli ndi bachelor's yembekezerani ma credit ochulukirapo kuposa wa master's. Masukulu ambiri amayang'ana transcript yanu, zaka za ntchito, ma CEU, ndi lipoti lija la FCCPT, kenako nkukuuzani makosi amene mukhululukidwe. Musalipire kalikonse musanalandire mndandanda umenewo polemba, ndipo poyerekeza mitengo muchulukitse mtengo wa credit imodzi ndi ma credit anu inuyo, osati amene alembedwa pa tsamba loyamba, aja amakhala a wa master's. Mufunsenso ngati pali masiku ofunika kupita pa sukulupo, ena alibiretu, ena amafuna wikendi imodzi kapena ziwiri.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetse bwino. Ngati m'mutu mwanu muli zodzaphunzitsa, tDPT ndi digiri ya ntchito, si ya kafukufuku. Ikhoza kukulowetsani ngati mphunzitsi wa lab kapena adjunct, ngakhalenso core faculty (aphunzitsi okhazikika) malo ena, koma CAPTE imafuna kuti theka la core faculty likhale ndi ma academic doctorate, kutanthauza PhD, EdD, DSc ndi otero, nde masukulu akamasaka anthu maso awo amakhala pamenepo. Ndaonapo anthu akumaliza tDPT ali ndi chiyembekezo chokhala pulofesa kenako nkuuzidwa kuti bwererani mukatengenso ina. Ma EdD ndi ma DSc a pa intaneti aliponso, koma imeneyo ndi nyama ina, dissertation si case report.

Akulu a home health, pa laisensi ndikutsutsani pang'ono. Ndi imodzi inde, koma ma state ena amaika zinthu zina pa digiri. Kuyambira 2015 ma state onse 50 ali ndi mtundu wina wa direct access (wodwala kubwera osadutsa kwa dokotala), koma malire ake amasiyana. Texas itasintha lamulo mu 2019 inati woona odwala opanda referral akhale ndi doctorate, apo ayi apange maola 30 a differential diagnosis. Ku Wisconsin lamulo la 2016 lolola PT kuitanitsa X-ray linatchula clinical doctorate ngati imodzi mwa njira zoyenerezera munthu. Muona kuti konseko pali khomo lina la opanda DPT, nde simukutsekeredwa, koma mayi muwerenge practice act ya state yanu musanaganize kuti pepalali lilibe ntchito.

Mkulu_wa_HomeHealth

Aphunzitsi mwanena nokha, maola 30 kapena zaka ziwiri, ine ndinatenga maola 30 kkkk. Koma chabwino ndavomera, nkhani ya cipro ija yandigwira, ndikaona mndandanda wa mankhwala a odwala anga mawa.

Chimodzi chimene ndinaiwala achemwali, ngati mwatsimikiza mtima, yambani mwapita ku HR. Zipatala zikuluzikulu zambiri zili ndi tuition assistance ndipo lamulo la msonkho limalola abwana kukulipirirani mpaka madola 5,250 pa chaka osadulidwa msonkho, nde mukaitambasula sukuluyo pa zaka ziwiri kapena zitatu za kalendala mbali yaikulu ikhoza kulipiridwa ndi iwo. Koma muwerenge tizilembo tating'onoting'ono, mnzanga wina anasaina osaona kuti akuyenera kukhala zaka ziwiri atamaliza, atapeza ntchito yabwino kwina anamubwezetsa ndalama yonse. Ngongole ya sukulu pa msinkhu wathu uno ayi, ana akubwera kumbuyoku nawo akufuna koleji.

Wachilendo_2

Pepani ndilowerere ndi funso langa pa nkhani ya amayi. Ine sindinafike kumeneko, laisensi ya ku America ndilibe, ndikugwira ntchito kunja ndipo ndimaona zotsatsa zoti panga tDPT pa intaneti ukhale Doctor of Physical Therapy wa ku America. Nde ndikapanga imeneyo ndiye kuti ndadumpha za FCCPT zija? Komanso ingandithandize visa?

Aphunzitsi_PT

Achimwene ayi, apa samalani kwambiri ndalama zanu. tDPT si laisensi ndipo siikudumphitsani kalikonse. Board ya state imayang'ana digiri yanu yoyamba ija, imaiyeza ndi Coursework Tool ya FSBPT (mgwirizano wa ma board a ma state) kudzera ku FCCPT kapena bungwe lina limene boardyo imavomereza, kenako mayeso a Chingerezi ngati akufunika, kenako NPTE, pamene muyenera kupeza 600 pa 800 ndipo muli ndi mwayi wolemba maulendo 6 okha moyo wanu wonse. Chimene chimachitika nchakuti lipoti likabwera ndi mipata, tinene mulibe pharmacology kapena imaging yokwanira, makosi ena a tDPT akhoza kutseka mipata imeneyo, ndipo ambiri amalowera chifukwa chimenechi. Koma dongosolo lake liyambe ndi lipoti, mudziwe chimene chikusowa, mufunse ngati kosi yakutiyakuti iwerengedwa, kenako mulipire. Osayamba ndi sukulu nkumayembekezera kuti zikakwanirana zokha. Masukulu enanso salandira nkomwe munthu wopanda laisensi ya kuno.

Za visa, pulogalamu ya pa intaneti yokhayokha siikupatsani I-20 (pepala la sukulu lofunsira visa), malamulo a visa ya ophunzira ya F-1 amalola kosi imodzi yokha ya pa intaneti kuwerengedwa pa semesita, zina zonse mukhale m'kalasi. Zotsalazo mufunse loya wa immigration osati ife a mafizo.

Nachisale_DPT

Ndionjezereko za dzina lija poti asisi anafunsa. Udokotalawo musauyembekezere kwambiri, odwala anga mpaka lero amanditchula dzina langa loyamba, ena amati nesi, agogo ena amati mtsikana wa ma exercise. Ndipo ma state ambiri amafuna kuti ukadzitchula Dr. unenenso pompo kuti ndiwe physical therapist kuti wodwala asaganize kuti ndiwe MD. Ine pa baji panangoonjezereka zilembo zitatu, PT, DPT. Kumene ndinaona kusintha ndi pa foni, ndikamaimbira dokotala sindinenanso kuti wodwalayu sakundisangalatsa, ndimanena chimene ndapeza, chimene ndikuopa ndi chimene ndikupempha, ndipo amamvera. Komanso ndikamafunsira ntchito kompyuta ija yosefa ma CV siinditayanso panja.

MayiFizo_11

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Akulu mwandipweteka koma ndi zimene ndinapempha kkkk. Ndaona kuti ndinasakaniza zinthu ziwiri, mkwiyo wa udindo uja ndi sukulu. Kunena zoona ya cipro ija nanenso sindikanaigwira, ndipo lipoti la MRI ndimawerenga mzere womaliza ngati mmene ankachitira a Nachisale, nde mwina mpata ulipodi olo malipiro asasinthe. Zophunzitsa pa yunivesite sindikuzifuna, nde za EdD zo ndazisiya. OCS ndiiganizira koma iyo siichotsa mawu aja a DPT preferred.

Lolemba ndipita ku HR kukafunsa za 5,250 ija ndi zaka zimene amamanga munthu, ndipo ndatumiza kale imelo ku masukulu awiri kuti andiuze ma credit anga. Chimene chandidabwitsa, imodzi yayankha kuti ikufuna transcript yochokera ku yunivesite yanga mwachindunji, yomata, osati kope imene ndili nayo. Ulendo watha kuti pepala limenelo lifike ku FCCPT zinanditengera miyezi isanu ndi kuimba mafoni osawerengeka. A Nachisale, inu anakulandirani ndi lipoti la FCCPT lokha kapena munachita kuitanitsanso?

Nachisale_DPT

Kwathu analandira lipoti la FCCPT koma linachita kutumizidwa ndi a FCCPT okha kupita ku sukulu, langa la m'nyumba anakana. Lowani mu akaunti yanu yakale ija muone ngati faelo ikadalipo, pali kandalama kolipira kuti atumize kope. Muwafunse a admissions polemba ngati zimenezo zikwanira, ndipo imelo yoyankhayo muisunge, ine munthu amene anandilonjeza pa foni anachoka ntchito ndisanayambe nkomwe kalasi.